Tsiku Limene a Linus Anakonza Mbiri Yawo

Mudzi wa Kamtsetse musavutike kuufuna pamapu. Akuti anthu a boma anabwerapo kudzaujambula, koma tsikulo kunali nkhungu, ndiye anayang'anayang'ana n'kubwerera kukanena kuti kulibe anthu. Kuti mukafike mumatsika minibasi pamphambano ya ku Bembeke n'kukwera kabaza. Mukadutsa pamishoni msewu umayamba kuonda, kenako umasanduka kanjira ka mbuzi. Wakabaza akaima n'kunena kuti, "Bwana, njingayi ndi ya eni ake, apa tsikani," dziwani kuti mwatsala pang'ono. Kwerani ndi miyendo, mphepo ikukuwombani makofi, mpaka muone nyumba zitakakamira paphiri ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Ndi pomwepo, mwafika.

Pakati pa mudziwo pamadutsa chigwembe. Kumtunda kwa chigwembe kumakhala eni mudzi. Kumunsi kumakhala obwera, anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kupatsidwa malo. Nkhondo itatha anaona kuti mbatatesi ndi kabichi zikuwayanja, ndiye anangokhala. Ana awo anabadwira pomwepo, zidzukulu zawo zinamera mano pomwepo, koma anali obwerabe basi. Ndipo munthu amene ankaonetsetsa kuti zimenezi zisaiwalike anali a Linus.

A Linus anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wa jekete limodzi lotuwa limene linaona maliro ambiri kuposa bambo mfumu a kuparishi. Ntchito yawo pamudzi inali kunena mbiri ya malemu. Mwambo wake mukuudziwa: maliro asananyamuke kupita kumanda, wina amaimirira n'kunena kuti malemu anabadwa liti, anakwatirana ndi ndani, wasiya ana angati, wadwala chiyani. Kwina konse zimenezi zimatha madzi a tiyi asanawire. Koma ku Kamtsetse, abale inu! A Linus ankati munthu samera yekha pachulu, ndiye ankayambira pa Nangondo.

Nangondo ndiye mayi amene anayambitsa mudziwo. Ankathawa nkhondo zamakedzana atasenza mtondo pamutu, mbumba yake ili pambuyo, ndipo atafika pamtsetsepo anatula mtondowo. A Linus ankati anatula chifukwa anaona ndi maso anzeru kuti nthaka ndi yabwino. Ena, polankhula chapansipansi, ankati mayiyo anangotopa, poti munthu wanzeru sangamange mudzi pamalo oti dzungu likathothoka ukalitole ku Mtakataka. Kuchoka pa Nangondo, a Linus ankatsika ndi ana ake aakazi mmodzimmodzi, nyumba ndi nyumba, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Adzukulu okumba manda ankakhala pansi n'kuyamba kukazinga chimanga. Amayi a kwaya ankagona n'kudzuka. Malemu ankangodikira, nanga akanatani?

Akakhala maliro a kumunsi kwa chigwembe, mbiri inkafupika. "Awa ndi alendo athu. Anabwera ndi nkhondo, tinawalandira." Basi. Ndi a Linus omwewo amene, ali wapampando wa komiti ya manda, anagamula kuti eni mudzi azigona kumtunda pansi pa mitengo ya masuku, obwera azigona kumunsi kumene kumayenda madzi mvula ikagwa. Ankati mbiri iyenera kuoneka ndi pansi pomwe.

Mkulu wa obwerawo anali a Ackim, mlimi wa kabichi, wamfupi, wosapsa mtima, amenenso ankatsogolera mapemphero a mphakati. Akakumana nawo m'mawa, a Linus ankati, "Alendo athu, mwadzuka bwanji? Kwanu kukuti bwanji?"

"Kwathu ndi kutsidya kwa chigwembeku, aphunzitsi," ankatero a Ackim. "Kwacha bwino."

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kuwagwira a Linus: mkazi wawo, a Anastazia. Pamaliro iwowa ankakhala kumbali ya amayi, ndipo akaona kuti dzuwa likupendeka malemu asanabadwe n'komwe, ankangokhosomola. A Linus akamva chifuwa chimenecho ankalumpha mibadwo yonse yotsala n'kutera pa malemu. Kunyumba mayiwo ankawauza kuti, "Bambo ake Collins, mbiri yanuyi tsiku lina idzakulumani." Iwo ankayankha kuti choona sichiluma mwini wake, n'kupempha madzi osamba.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unali utaiwala, mwina dala. A Linus sanali mdzukulu wa Nangondo. Mdzukulu wa Nangondo anali a Anastazia. Iwo anali mkamwini chabe, mwamuna wobwera kudzakhala kwa mkazi. Nyumba ya malata, dimba la pakasupe, munda wa mbatatesi, zonsezo zinali panthaka ya mkazi. Kwathu kuno mkazi akamwalira, abale ake amatha kumusudzula mwamunayo, ndiko kuti kumuthokoza bwinobwino n'kumuonetsa njira ya kwawo. Chimene chimamugwira mkamwini wokalamba ndi mwana wamkazi, amene amatsala pamalopo n'kunena kuti bambo anga sapita kulikonse. A Linus analibe mwana wamkazi. Anali ndi Collins yekha, amenenso anali pachikamwini ku Linthipe. Koma poti zaka zonsezi ankanena kuti "ife eni mudzi" ndi mawu a m'kalasi, achinyamata ankaganiza kuti mtondo wa Nangondo anathandiza kutula ndi iwowo.

A Anastazia anamwalira mu Juni, chisanu chili pachimake. Anangodwala chibayo masiku ochepa n'kupita. A Linus anasweka mtima ndithu, musaganize kuti munthu wa pakamwa sakonda. Anakhala pamphasa atafunda bulangete la mkazi wawo, maso ali psuu, osadya, osalankhula, ndipo anthu anachita mantha kuwaona ali chete.

M'mawa wa tsiku loika maliro a Linus anaona a Zikhalo, mlongo wa malemu, amenenso anali mwini mbumba, akunong'onezana ndi a Ackim kuseri kwa nkhokwe. Sanasamale. Mwamuna wofedwa salankhula pamaliro a mkazi wake, ndiye mbiri abale anaipereka kwa a Ackim. Zimenezo zinawabaya pang'ono a Linus. Mlendo kunena mbiri ya mdzukulu wa Nangondo! Koma analibe mphamvu zokanira.

Anthu anadzaza bwalo, ena atakhala motsamira kuti asagubuduke. Pafupi ndi bokosi panali a Flossie, mng'ono wa malemu, mayi wa ana aakazi ambiri ndi kamunda kamodzi ka miyala. Iwowa ankalira kuposa aliyense, ndipo misozi inali yeniyeni, kungoti diso limodzi linkathawira kudimba la pakasupe.

A Ackim anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Abale, malemu a Anastazia anabadwira m'mudzi muno."

A Linus anadzidzimuka. Bwanji, wayambira pomwepo? Nanga Nangondo? Nanga mtondo? Thupi linayamba kuwayabwa pansi pa bulangete. Anadziuza kuti lero si tsiku lake.

"Anabatizidwa ku Bembeke. Anali mayi wa kwaya, wolima, wosadziwa kumana. Ife a kumunsi titafika opanda ndi chikho chomwe, mphika woyamba umene mayi anga anaphikiramo unachokera kwa iwowa."

Amayi anayambiranso kulira. A Linus nawo anagwetsa misozi, poti mphikawo ankaukumbuka, ndipo ankakumbukanso kuti anawakalipira mkazi wawo chifukwa cha mphikawo.

"Atakula," anapitiriza a Ackim, akukweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve, "anakwatiwa ndi mwana wa m'mudzi mommuno, mnzawo wokulira naye limodzi, aphunzitsi a Linus ali apawa. Onse awiri ndi ana a pano."

"Eee, n'zoona zimenezo," anavomera a Zikhalo mofulumira, akugwedeza mutu mwamphamvu ngati kuti wina watsutsa. Akuluakulu ena anavomeranso. A Flossie anatsegula pakamwa n'kutsekanso, pakuti palibe munthu amene amatsutsa mbiri bokosi lili poteropo.

Palibe, kupatula mmodzi.

A Linus anamva ngati mwana wa sukulu walemba yankho lolakwika pabolodi, ndipo kalasi yonse ikukopera. Analimbana nazo, Mulungu ndi mboni. Anagwira mphasa ndi manja onse awiri. Anatchera khutu kumbali ya amayi, kudikira chifuwa chija chimene chinkawakhazika pansi. Kunali zii. Mwini chifuwa anali m'bokosi.

Anangoti nyamu, bulangete n'kugwa.

"Pepani, pang'ono chabe. Mbiri sitiipotoza."

"Alamu, khalani pansi," anatero a Zikhalo.

"Ndikhala. Koma ana akumva, mawa adzanena zolakwika. Ine si mwana wa pano ayi. Ine ndinabadwira kwa Mlongoti, cha ku Mayani, mayi anga ndi Naphiri. Kuno ndinabwera ndi boma, kudzaphunzitsa, ndili ndi sutikesi ndi njinga. Malemuwa ndinawaona koyamba ku kwaya. Ndinafunsira mbeta mwamwambo, ndinalowa chikamwini, apongozi anandionetsa pomanga nyumba, ndinawalimira munda wa kumiyala uja mpaka manja anachita matuza. Alendo athu a Ackim sangazidziwe zimenezi, anali asanabwere. Zikomo."

Anakhala pansi atapepukidwa, ngati munthu amene wachotsa munga kuphazi. A Ackim anayang'ana m'chipewa mwawo. A Zikhalo anagwira mutu. Achinyamata ankagwedezana zigongono: "Kani mdala uja ndi mkamwini?" Ndipo a Flossie, amene anali pakati pa kulira, anasiyira panjira n'kupukuta maso ndi chitenje.

A Anastazia anakagona kumtunda, pansi pa masuku, malo abwino, ouma, ndipo pambali pawo panatsala malo okwana munthu wamtali.

Mmeto utachitika, mbumba inakhala pansi. A Zikhalo anayesa kuzungulira nkhani, kuti munthu wakalamba, kuti nyengo yasintha, kuti za kusudzula masiku ano ambiri anasiya. A Flossie anawadikira mpaka atatha.

"Achimwene, ife tinali titaiwala. Alamu atikumbutsa okha, pamaso pa bambo mfumu ndi midzi yonse. Tiwakakamize bwanji munthu amene wanena yekha kuti kwawo ndi kwa Mlongoti? Abale awo aziti tawabera munthu. Paja awa ndi aphunzitsi, salakwitsa. Si iwo omwe anatiphunzitsa kuti mbiri iyenera kuoneka ndi pansi pomwe?"

Abale anawathokoza a Linus ndi mawu okoma kwambiri, kuti anasunga mlongo wawo bwino, kuti sanamvepo ndewu m'nyumbamo, kuti tsopano ndi mfulu. Anawapatsa khasu lawo, sutikesi ija, ndi njinga ija, imene inali itakhala kudenga la khitchini mpaka matayala anauma.

Powaperekeza, a Zikhalo analephera kupirira.

"Alamu, koma mwandipweteka. Ndinawapempha ndekha a Ackim kuti anene zija. Zikananenedwa pamaliro, anthu onse akumva, popanda wotsutsa, zikanakhala zomwezo mpaka kalekale. Flossie akanayambira pati? Mukanafera m'nyumba mwanu n'kukagona pambali pa mlongo wanga. Ndiye wotsutsa n'kukhala inuyo!"

A Linus anaima.

"Koma zinali zabodza," anatero, mawu ali pansi.

"Eya, zinali zabodza. Mwazikonza. Gwirani njinga yanu, kukutsetsereka apa."

Ku Linthipe sakanapita. Mkamwini kuitanira bambo ake kuchikamwini, apongozi a Collins akanaseka mpaka kugwa pamkeka. Choncho njinga anaisiya kwa wokonza njinga pa Bembeke, n'kukwera galimoto ya ku Mayani, sutikesi ili pamiyendo. M'njira anadzilimbitsa mtima. Kwa Mlongoti ndi kwawo, kumeneko ndiye mwini mudzi weniweni, wamagazi. Kungoti chiikireni mayi awo anali asanapondeko, poti maliro a ku Kamtsetse sankawapatsa mpata.

Mudzi anaupeza, koma pamene panali nyumba ya mayi awo panali chigayo. Ali chiimire akuyang'ana ufa ukuuluka, panatulukira bambo wina wa jekete, cholembera chili m'thumba la pachifuwa, woyenda manja ali kumbuyo. Anati dzina lawo ndi a Timoteyo, ndipo ngati mlendo akufuna kudziwa chilichonse cha mudziwo wafika pa munthu wake.

"Ndikufuna a kwa Naphiri," anatero a Linus.

"Aaa, kuti mumvetse za Naphiri tiyambire pachiyambi."

Anayambira pachiyambi. A Linus anaima padzuwa, sutikesi ili m'manja, njala ikuwapotokola, akumva za agogo a eni ake amene anawoloka mitsinje ndi kubereka ana aakazi, nyumba ndi nyumba. Kangapo konse anakhosomola. A Timoteyo sanali ophunzitsidwa chifuwa.

"Tsono nyumba ya Naphiri inatha," anamaliza a Timoteyo. "Ana aakazi anamwalira, zidzukulu zinabalalika, malo anagawidwa. Panali wamwamuna mmodzi, Linus, koma ameneyo sitimuwerengera kuno. Anapita ku Bembeke kalekale, ndi wa kumeneko. Timamva kuti ndi mwini mudzi wamkulu, amagawa ndi manda omwe."

"Ndine ndemwe."

A Timoteyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuimvi, kenako anayang'ana sutikesi.

"Ooo! Ndiye mwabwera kudzationa? Mwachita bwino. Takulandirani, alendo athu. Kwanu kukuti bwanji?"

A Linus anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire munalibe kanthu. Anagona pakhonde la chigayo, n'kulawirira kubwerera.

Anafika ku Kamtsetse dzuwa litapendeka. Kumtunda sanakwere. Ali patali anaona zovala za ana a Flossie zitayanikidwa pachingwe cha a Anastazia, ndipo chinawapweteka kwambiri ndi chingwecho, chifukwa anamanga okha. Anakhala pasutikesi m'mphepete mwa chigwembe, osadziwa kolowera.

A Ackim anali m'dimba lawo kuthirira kabichi. Anawaona, anatula kheni, anapukuta manja pabuluku n'kubwera. Akanakhala munthu wina akanafunsa kuti kwanu kukuti bwanji, ndipo Mulungu akanamukhululukira. A Ackim anangonyamula sutikesi.

"Nyumba ya malemu mayi anga ilipo, aphunzitsi. Imadontha mbali imodzi, koma mvula ili kutali. Tiyeni."

"Ine ndinakunyozani pagulu, a Ackim."

"Munandikonza. Samalani apa, pamaterera."

Ndi mmene a Linus anawolokera chigwembe, chimene iwo eni ankaphunzitsa kuti ndi pamene mudzi weniweni umathera. Anakhala kumunsi. Mkazi wa a Ackim ankawapatsira chakudya, ndipo iwo ankathandiza kupalira kabichi, ngakhale ankazula ndi mbande zomwe. Maliro akagwa, komiti inkatuma wina kunena mbiri, ndipo anthu ankabwerako kumanda dzuwa likadali pamutu, osakhulupirira mwayi wawo. A Linus ankakhala kumbuyo, atagwira mphasa ndi manja onse awiri.

Mvula yoyamba itagwa, anapita ndi a Ackim kukalambula kumanda. A Linus anakwera okha kumasuku n'kuzula udzu pamanda a mkazi wawo. Malo a pambali aja anali akadalipo. Kenako anatsika kumunsi, kumene a Ackim ankakumba ngalande kuti madzi asakokolole mayi awo. Nsapato za a Linus zinalowa m'matope. Anayang'ana kumtunda, n'kuyang'ana pamene anaponda, ndipo anachita mantha enieni, a munthu amene akuona bedi limene anayala yekha.

"A Ackim."

"Aphunzitsi."

"Ine ndikadzafa, mbiri mudzanene ndinu."

"Ndidzayambire pa Nangondo?"

"Ayi. Musadzavutitse anthu." Anakolopa matope a kunsapato ndi kamtengo. "Mudzangonena mmene munanenera tsiku lija."

"Tsiku lija ndinalakwitsa, aphunzitsi."

"Mudzalakwitsenso. Mudzakweze mawu, a Zikhalo adzavomera. Flossie dimba anatenga kale, pamasuku paja alibe napo ntchito."

A Ackim anatsamira pakhasu.

"Nanga simudzadzuka kudzandikonza?"

A Linus sanaseke. Anaganiza mofatsa ndithu, monga munthu wodzidziwa.

"Mudzawauze adzukulu," anatero, "bokosi adzakhome ndi misomali yaitali."

Anatenga khasu m'manja mwa a Ackim n'kupitiriza kukumba ngalande ija.